Ndowa ikasweka ku Nyimba, tifunse amene anaiumba

Pali katundu amene amalowa m'Chigawo cha Kum'mawa tsiku ndi tsiku koma palibe amene amamukamba pa wailesi. Ndi ndowa, mabeseni, makapu, mbale, mipando ndi makreti a pulasitiki. Amalonda amakaoda ku Kamwala mu Lusaka n'kumanga pamwamba pa katundu wina. Motoka ikatsika mapiri a Manenekela ndi kuoloka ulalo wa Luangwa, wina amatsitsidwa pa Nyimba, makilomita oposa 300 kuchokera ku Lusaka, wina pa Petauke, pafupifupi makilomita 400. Kuchoka apo amalowa m'midzi pa njinga ndi pa mutu. Nthawi yokolola wambiri sagulidwa n'komwe ndi ndalama: wamalonda amapereka beseni, mlimi amapereka chimanga kapena nshawa.

Tonse tidziwa zimene zimatsatira. Khutu la ndowa limang'ambika pamene pakola chogwirira. Pansi pa beseni pamachita mng'alu. Mpando umatambasula miyendo pa maliro, munthu wamkulu n'kugwa chagada pamaso pa apongozi ake. Kuseli kwa nyumba zambiri kuli mulu wa zidutswa zofiira, zabuluu ndi zobiriwira. Ndipo tinazolowera kuimba mlandu dzuwa, ana osasamala, kapena kungoti pulasitiki ni pulasitiki.

Ife tikukana. Dzuwa la mu Okutobala ku Nyimba limawotchadi, ana amagwetsadi zinthu, koma moyo wa ndowa umayezedwa tsiku limene inapangidwa, m'masekondi owerengeka, m'fakitale imene wogula sadzaionako. Fakitale iliyonse ifuna kupanga zambiri m'nthawi yochepa, ndipo pamenepo palibe mlandu. Koma changu chili pawiri. China chimachokera ku luso, china chimachokera ku kudyera wogula masuku pamutu. Tifunika kudziwa kusiyanitsa, chifukwa achinyamata ndife tiimirira pa makinawo, ndife tioda katunduyo, ndipo amene amasenza ndowayo ndi amayi athu.

Tiyambe ndi mmene chinthucho chimapangidwira. Aliyense amene anaumbapo njerwa adziwa chikombole. Nchito iyi pa Chingelezi amati injection moulding, ndipo nzeru yake ndi yomweyo ya njerwa, kungoti dothi lake ndi pulasitiki wosungunuka ndipo chikombole ndi chachitsulo. Pulasitiki amabwera m'matumba ali timibulu tonga mpunga. Amathiridwa m'makina n'kulowa mu paipi yotentha, mmene chitsulo chopota ngati sikuluu chimazungulira, kumukanda ndi kumusungunula pa madigiri oposa 200. Kenako chitsulo chomwecho chimamukankha monga sirinji ya kuchipatala, n'kumulowetsa m'chikombole chotseka kudzera pa kabowo kakang'ono. Makina amapanikiza mbali ziwiri za chikombole ndi mphamvu ya matani mazanamazana kuti chisatseguke. Madzi ozizira amayenda m'timipata ta mkati mwa chitsulocho, pulasitiki amauma, chikombole chimatseguka, ndowa imagwa. Mukatembenuza ndowa yanu mudzaona kamchombo pakati penipeni. Ndi pamene pulasitiki analowera.

Luso ili ndi lakale. John Wesley Hyatt ndi m'bale wake Isaiah analembetsa makina oyamba otere ku America mu 1872, ndipo James Watson Hendry anabweretsa makina a sikuluu mu 1946. Zimene zimafooketsa ndowa zinadziwika kalekale, zili m'mabuku a amisiri, chilichonse ndi dzina lake ndi mankhwala ake. Choncho ndowa ikatuluka yofooka, pali munthu amene anasankha kuti ituluke tero, kapena amene sanaphunzitsidwe kupewa.

Lomba tiwerengere pamodzi. Tinene kuti makina atulutsa ndowa imodzi pa masekondi 30. Pa ola ndi ndowa 120, pa usana ndi usiku 2,880. Mukadulako masekondi asanu chabe, pa ola zikhala 144, pa tsiku 3,456. Ndi ndowa 576 zoonjezera popanda kugula makina ena kapena kulemba munthu wina nchito. N'chifukwa chake mwini fakitale amagona akuwerenga masekondi. Ndipo masekondi ambiri mwa amenewo amathera pa chinthu chimodzi: kuyembekeza kuti pulasitiki azizire.

Njira yachidule kwambiri yopulumutsira masekondi ndi kupyapyalitsa khoma la ndowa. Khoma likachoka pa mamilimita awiri kufika pa milimita imodzi ndi theka, pulasitiki wolowa amachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo nthawi yoziziritsa imatsika pafupifupi ndi theka. Kwa wa fakitale ndi phindu pawiri. Koma mphamvu ya khomalo yokana kupindika imatsika kuposa theka. Pa msika, ndi diso, theka la milimita simungalione. Mudzalidziwa pamene malita 20 a madzi, amene ndi makilo 20, ali pa mutu panjira yochokera ku mjigo.

Njira zina zachidule nazo zimasiya zipsera. Chinthu chikachotsedwa m'chikombole chisanazizire bwino, chimapotoka, chivundikiro sichikwana, mpando umagwedera pa simenti yosalala. Pulasitiki akakankhidwa asanatenthe mokwanira, amagawika pozungulira kabowo ka chogwirira, ndipo pokumananso mbali inayo salumikizana bwino. Pamatsala kamzere konga tsitsi, ndipo ndi pomwepo khutu la ndowa limang'ambikira. Palinso ufa woyera wa mwala, calcium carbonate, m'bale wake wa choko cha kusukulu. Ndi wotchipa kuposa pulasitiki. Wochepa umathandiza mpando kuuma, koma ukachuluka chinthu chimalemera m'manja ngati cholimba pamene chili chofumbutuka ngati bisiketi. Potsiriza pali mankhwala oteteza pulasitiki ku dzuwa. Amathiridwa pang'ono chabe koma amadya ndalama, ndipo akasiyidwa wogula sangadziwe mpaka beseni litayamba kutuwa ndi kuthetheka patatha miyezi ingapo lili pabwalo.

Ndiye amalipira ndani? Tinene kuti ndowa yofooka ili pa K40 ndipo yolimba pa K70. Ngati yofooka igulidwa katatu pa chaka pamene yolimba itha zaka ziwiri, banja limodzi lataya K240 pamene lina lataya K70. Manambala asinthe mmene angasinthire, nkhani ikhala yomweyo. Ndipo kumudzi mtengo sukhala wa ndalama chabe. Ndi chimanga chimene chinachoka m'nkhokwe posinthanitsa ndi beseni. Ndi ulendo wachiwiri wopita ku chitsime madzi atatayika panjira. Ndi tomato amene waphwanyika pansi pa kreti yothyoka asanafike pa Soweto Market. Mayi wogulitsa nthochi pa mseu ku Nyimba, beseni ndiye sitolo yake. Masekondi asanu amene fakitale yapulumutsa, amene ali kumapeto kwa mseu ndiye amawalipira, ndipo ndiye ali kutali kwambiri ndi pokadandaula.

Chotipweteka n'chakuti changu chenicheni chilipo, ndipo sichidana ndi kulimba. Masekondi angadulidwe potsuka timipata ta madzi m'chikombole, chifukwa tikadzaza dzimbiri ndi zokakamira za m'madzi, kutentha sikuchoka msanga. Angadulidwe poonetsetsa kuti madziwo akuzizira mofanana m'mawa ndi masana. Chikombole chopangidwa mwanzeru chimakhala ndi khoma lofanana ponseponse, ndi nthiti zolimbitsa pamene pafika katundu, monga kukhutu ndi kukamwa kwa ndowa, kotero pulasitiki amapita pamene afunika. Mmisiri wabwino amalemba m'buku kutentha, mphamvu ndi nthawi zimene zatulutsa chinthu chabwino, kuti wa usiku asayambenso kungoyesa. Amaika ndowa pa sikelo ola lililonse, chifukwa kulemera kukasintha ndiye kuti china chake chasokonekera. Amadzaza madzi imodzi n'kuigwetsa dala. Ku Japan, Shigeo Shingo anaonetsa a Toyota kuti kusintha chikombole, nchito imene inali kudya maola, kungatheke m'mphindi zosakwana khumi ngati zida zonse zakonzedwa makina asanaime.

Zonsezi zimachotsa chinthu chimene chimadya phindu mwakachetechete: katundu wokanidwa. Ndowa imene yatuluka yosadzaza, kapena yokhala ndi zipsepse m'mphepete chifukwa chikombole chinatha, yadya malaiti, yadya nthawi ya makina, ndipo ifunika kugayidwanso. Pulasitiki akasungunulidwa mobwerezabwereza amafooka. Fakitale yothamanga imene itaya ndowa imodzi pa khumi zilizonse ingathe kupitidwa ndi fakitale yodekha imene sitaya. Akulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa makina awa mwambiwo ungayezedwe ndi sikelo.

Tisakambe ngati sitidziwa mavuto a opanga. Zambia sipanga timibulu ta pulasitiki watsopano. Timachokera kunja, monga ku South Africa kumene Sasol imapanga polypropylene ku Secunda, ndi ku maiko a Aarabu, ndipo timagulidwa ndi madola. Kwacha ikagwa, thumba lililonse limakwera. Palinso malaiti. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika mu Seputembala ZESCO inali kuzima malaiti maola 17 pa tsiku, kwina kupitirira. Makina awa amadana ndi kuzimazima. Malaiti akapita, pulasitiki amauma mu paipi. Akabwera, pafunika kutenthetsanso, kutulutsa wopserera, ndipo zinthu zoyamba kutuluka zimakhala zotaya. Onjezani katundu wotchipa wochokera kunja, mudzaona chifukwa chake dzanja limayabwa kuthira ufa wambiri.

Ena adzatiuza kuti anthu akumudzi afuna zotchipa, ndipo ndowa yolimba ikakwera mtengo sadzakwanitsa. Mfundoyi ili ndi mano. Amene ali ndi K40 m'thumba lero sangagule ndi K70 ya mawa. Sitikamba kuti zotchipa zichotsedwe pa msika. Tikamba kuti wogula adziwe chimene akugula. Lero ndowa yolimba ndi yofooka zimaoneka chimodzimodzi, mtundu umodzi, kunyezimira kumodzi. Pa msika wotere wopanga zolimba ndiye amaluza, chifukwa amaononga ndalama zambiri pa chinthu chimene palibe angachione. Mapeto ake onse amatsikira pansi. Chinsinsi chimateteza wonyenga, ndipo chimalanga wosauka pamodzi ndi wopanga woona mtima.

Malamulo otithandiza alipo kale. Mu 2018 boma linatulutsa Statutory Instrument No. 65, imene ZEMA imayang'anira, yoletsa mapulasitiki onyamulira katundu opyapyala kuchepera ma micron 30, ndi kupatsa opanga udindo pa zinyalala za katundu wawo. Ngati boma linavomera kuti kukhuthala kwa pulasitiki ya mu shopu ndi nkhani ya lamulo, kukhuthala kwa ndowa ya madzi akumwa sikungakhale nkhani ya mwayi. Lamulo la 2010 loteteza ogula, limene CCPC imayendetsa, limafuna kuti katundu wogulitsidwa mu Zambia aonetse dzina la wopanga ndi kumene apezeka. Limaletsa kugulitsa katundu wosagwira nchito yake, ndipo limaletsanso zikwangwani zija za m'masitolo zokana kubweza ndalama. Tili ndi ZABS yolemba miyezo, ndi ZCSA yoonetsetsa kuti miyezo yokakamiza ikutsatidwa.

Pempho lathu ndi laling'ono. Ndowa, beseni, kapu ndi mpando uliwonse ukhale ndi dzina la wopanga, nambala ya mtundu wa pulasitiki, ndi mwezi umene unapangidwa, zolembedwa m'chikombole momwemo osati pa kapepala komata kamene kamachoka pa tsiku loyamba. Kulemba chikombole kumachitika kamodzi, ndipo ndowa iliyonse yotuluka imatenga dzinalo mahala. Munthu amene dzina lake lili pansi pa ndowa amaganiza kawiri asanathire ufa. Ndipo dzina labwino limayenda msanga pa mjigo kuposa pa Facebook.

Poyembekeza zimenezo, maso tili nawo. Tembenuzani chinthu musanagule. Funani dzina, ndi kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala pakati. Manambala amenewa, 1 mpaka 7, anayamba ku America mu 1988. Pa ndowa ndi mabeseni mudzaona kwambiri 5, amene ndi polypropylene, kapena 2, amene ndi HDPE. Yang'anitsani ku dzuwa: ngati mbali ina ionetsa kuwala kuposa inzake, khoma silofanana. Onani pa khutu ngati pali kamzere kaja. Pindani pang'ono kukamwa kwake: ikachita zoyera msanga kapena kulira ngati ithyoka, isiyeni. Kunyumba, ponyani kachidutswa ka ndowa yosweka m'madzi. Pulasitiki wa nambala 5 kapena 2 amayandama. Kakamira, mwina ufa unachuluka. Inu amene muoda, yesaniko zimenezi ndi kukumbukira kumene munagula. Wogulitsa wa ku Kamwala sangamve dandaulo la agogo a ku Kacholola kapena ku Minga, koma la munthu amene amatenga madazeni mwezi uliwonse amalimva.

Pali mbali ina imene ili m'manja mwathu. Katundu wambiri wotchipa amapangidwa ndi pulasitiki wakale wogayidwa, ndipo zimenezo n'zabwino kuposa kuwotcha kapena kutsekera ngalande. Vuto limabwera mitundu ikasakanizidwa. Nambala 5 ndi nambala 2 sizigwirana bwino zikasungunuka. Funsani aliyense amene amamata ndowa ndi mpeni wotentha pa msika, adzakuuzani kuti chigamba cha chigubu chimakana pa mabeseni ena. Botolo la madzi ndi nambala 1, koma chitsekerero chake ndi 2 kapena 5. Wotola akaponya zonse m'saka limodzi, pamodzi ndi mchenga ndi misomali, wapanga kale ndowa yofooka ya chaka chamawa. Ndipo kuno kolima thonje tichenjere ndi chinthu chimodzi: mabotolo a mankhwala a m'munda asalowe m'saka lomweli. Palibe afuna kuti abwerere kwathu ali kapu ya mwana.

Apa pali mpata wa nchito, koma tisanamizane. Nthawi ya kampeni timamva za mafakitale amene adzamangidwa m'boma lililonse. Makina opanga mipando afuna malaiti amphamvu osazima, madzi ozungulira, chikombole chodula ngati motoka yabwino, ndi msika wotha kumeza zinthu masauzande pa tsiku. Petauke ndi Nyimba zingayambire pamene zili ndi mphamvu: kutola, kupatula mwa nambala ndi mtundu, kutsuka ndi kugaya. Pulasitiki wopatulidwa ndi wotsuka amagulidwa bwino kuposa wosakaniza, ndipo wogayidwa amatenga malo ochepa pa motoka yobwerera ku Lusaka. Mu Lusaka, Manja Pamodzi inaonetsa kuti otola m'makomboni angalumikizidwe ndi ogula. Kuchokera mu 2013, Dave Hakkens wa ku Netherlands ndi gulu la Precious Plastic anaika pa intaneti mapulani a mahala a timakina togayira ndi toumbira, timene wowotcherera zitsulo waluso angapange. Sitingatulutse ndowa, koma tingatulutse tinthu ting'onoting'ono, ndipo tingaphunzitse mnyamata ndi mtsikana zimene kutentha ndi nthawi zimachita pa pulasitiki.

Luso ndilo tisowa kwambiri. Ambiri a ife amene tinalowa m'mafakitale a mu Lusaka timapatsidwa nchito yochotsa zipsepse ndi mpeni ndi kupakira. Munthu amene amatchera makina, ndi amene amakonza chikombole, ndiye ali ndi malipiro, ndipo ndiye amasankha ngati ndowa ikhale yolimba. Kuyambira mu 2022, pamene CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi, mbali ina ya ndalamazo imalipirira achinyamata maphunziro a luso. Pofunsira malo tisathamangire tonse ku kuyendetsa motoka ndi kuphika. Kusula ndi kupala zitsulo, magetsi a m'fakitale, kuwerenga zojambula za amisiri ndi kuyeza ndi vernier, ndiwo makhomo olowera ku chikombole. Tipemphe TEVETA ndi masukulu monga Ukwimi Trades ku Lusangazi ndi Chipata Trades kuti aike nzeru za pulasitiki m'maphunziro awo, ndipo mafakitale atsegule zitseko kwa ophunzira.

Kwa anzathu amene muli kale pa makina, tidziwa kuti si inu mumalamula kuchuluka kwa ufa. Koma ndinu mumaona ndowa yopotoka ikudutsa, ndinu mudziwa tsiku limene madzi anasiya kuzizira. Lembani, yezani, onetsani abwana kuchuluka kwa zotayidwa pa shifiti, chifukwa chinenero chimene amamva msanga ndi cha ndalama zotayika. Kwa eni mafakitale, ikani dzina lanu pa katundu wanu ngati simuchita naye manyazi. Kwa CCPC ndi ZCSA, misika ya pa Petauke ndi Nyimba nayo ndi Zambia, bwerani mutembenuzeko mabeseni. Ndipo kwa ife tonse ogula ndi ooda, funso ndi limodzi, lofunsa mwaulemu koma nthawi iliyonse: anapanga ndani? Wogulitsa akalifunsidwa kakhumi pa tsiku, adzalipereka kwa amene anamuodetsa, ndipo tsiku lina lidzafika pa chikombole.